DAZI PA MUTU WA MNYAMATA

(Nkhani ya za umoyo imene inakambidwa pa wailesi kwa alimi ndi mafumu a m'mbali mwa nyanja. Taisindikiza muno kuti anyakwawa aiwerengere anthu ao pa bwalo.)

 Nkhani ya lero yacokera kwanu, inu a ku Bua m'boma la Nkhotakota.

Talandira kalata ya mnyamata wina wa zaka 23, mlimi wa mpunga pa sikimu ya Bua. Dzina lace sindichula, cifukwa mwini wace wapempha cotero. Akuti tsitsi lace linayamba kuthothoka ali ndi zaka 20. Poyamba cipumi cinakula m'mbali zonse ziwiri, ndipo tsopano paliombo payamba kuoneka khungu. Anzace kumunda ndi kudoko amamseka namucha maina. Mtsikana amene anamfunsira mbeta wayamba kuzengereza, cifukwa akwao ati mnyamata wadazi akali wamng'ono ndiye kuti anakhwimira cuma, kapena ali ndi nthenda yobisika. Caka catha anagulitsa matumba awiri a mpunga nagula mafuta a m'botolo kwa munthu wina woyendayenda m'misika, koma tsitsi silinabwerere. Lero sabvula cipewa ngakhale m'nyumba, ndipo analeka kupita ku mpira ndi ku misonkhano ya alimi. Potsiriza wafunsa kuti, kodi ndiri kudwala ciani, nanga ndicite ciani?

Kapena ena a inu mwayamba kale kuseka, ndi kunena kuti Boma lasowa nkhani. Taimani pang'ono. Matumba awiri a mpunga ndi cakudya ca banja ca miyezi ingapo. Mlimi wosapita ku msonkhano samva za mbeu, za kagawidwe ka madzi, kapena za ngongole. Ndiponso, monga mumva kutsogoloku, alipo anthu amene anaphedwa m'dziko loyandikana nafe cifukwa ca dazi lokha. Cotero cherani khutu.

M'MENE TSITSI LIMERA

Pa mutu wa munthu pali tsitsi lokwana ngati 100,000. Liri lonse liri ndi muzu wace m'kathumba kakang'ono ka m'khungu, ndipo limatalika pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi. Tsitsi limodzi limakula kwa zaka ziwiri kufikira zisanu ndi cimodzi, kenaka limapumula ngati miyezi itatu, niligwa. Likagwa, muzu womwewo umaturutsa lina, monga icita nthoci mukadula imene yabereka. Cifukwa cace munthu ali yense, ngakhale wa tsitsi lowirira, amataya tsitsi 50 kufikira 100 tsiku liri lonse. Mukaona tsitsi pang'ono pa cipeso musaope, ndiwo makhalidwe ace a thupi.

CIMENE CIBWERETSA DAZI

Dazi la amuna limadza pakakumana zinthu ziwiri. Coyamba ndi mtundu umene munthu wabadwiramo. Caciwiri ndi mphamvu ya cimuna imene iri m'magazi, ija adotolo amaicha testosterone. Mphamvu imeneyi ndiyo imeretsa ndebvu ndi kukulitsa mau mnyamata akatha msinkhu. Gawo lina la iyo limasanduka m'thupi nikhala cinthu cina cochedwa DHT. Kwa amuna ena DHT sicita kanthu pa mutu. Koma kwa amene anabadwa ndi mizu yosalimbana nayo, mizu ya pacipumi ndi ya paliombo imafota pang'onopang'ono. Tsitsi liri lonse lomera pamenepo limakhala lalifupi ndi lopyapyala koposa limene linagwa, kufikira patsala kaubweya kosaoneka ndi maso. Mizu ya kunkhongo ndi ya pamwamba pa makutu siimva DHT, ndipo ndico cifukwa cace nkhalamba yadazi imakhalabe ndi tsitsi kumbuyo ndi m'mbali.

Zimenezi si zongoganizira ai. M'caka ca 1942 katswiri wina wa ku America, James Hamilton, anaonetsa kuti amuna amene anafulidwa asanathe msinkhu sacita dazi, ngakhale a mtundu wao ali adazi. Ena a iwo atapatsidwa testosterone, dazi linayamba.

Inu alimi mukaona mpunga uli kucepa msinkhu caka ndi caka mumati nthaka yaguga, ndipo mumathira manyowa kapena feteleza. Pa dazi mposiyana. Muzu sufota cifukwa ca njala. Ngakhale mnyamata adye mpasa wa mu Bua tsiku ndi tsiku, ngakhale adzole mafuta abwino cotani, dazi la mtundu silileka.

Mtundu umenewu umacokera mbali zonse ziwiri, kucimuna ndi kucikazi. Mnyamata wofuna kudziwa za mutu wace ayang'ane atate ace, ayang'anenso atsibweni ace ndi agogo ace obala amai. Ku Ulaya pafupifupi theka la amuna amakhala ndi dazi pofika zaka 50. Mwa ife anthu akuda siliculuka cotero, komabe palibe mudzi wopanda wadazi. Ambiri limawayamba atapitirira zaka 30, koma ena limawayamba asanafike zaka 20. Ndinene zoona kwa mnyamata wathu uja: dazi loyamba msanga limakonda kupitirira. Koma si nthenda yofooketsa thupi. Sililetsa munthu kulima, kupalasa bwato kapena kubereka ana, ndipo silipatsirana.

Tsono tiyeni titaye zonena zina za m'midzi. Cipewa sicibweretsa dazi, kofia ya ku mzikiti siibweretsa dazi, sopo ndi madzi a m'nyanja sizibweretsa dazi. Sukulu ndi kuganiza kwambiri sizithothola tsitsi la paliombo. Ena amati ukameta mpala kawirikawiri tsitsi limamera lowirira. Inu nomwe mwameta maliro kangati? Kodi munaonapo wadazi amene tsitsi linambwerera atameta? Lumo limadula pamwamba, silifika pa muzu.

KUTHOTHOKA KUMENE KUFUNA CIPATALA

Apa ndipo pofunika nzeru, pakuti si kuthothoka konse kuli dazi. Dazi limadza pang'onopang'ono kwa zaka, limayamba pacipumi kapena paliombo, ndipo khungu limakhala losalala, losayabwa, lopanda zilonda. Mukaona zosiyana ndi izi, pitani kucipatala.

Coyamba ndi cipere, cimene cimagwira makamaka ana. Pamutu pamaoneka zigamba zotuwa zoyabwa, tsitsi litathyokathyoka. Cipere cimapatsirana ndi lumo, cipeso, makina ometera ndi zipewa. Ca pamutu sicitha ndi mankhwala opaka okha, koma cimafuna mapiritsi omwa kwa masabata 6 kapena 8. Cikalekereredwa cimacita mafinya nicisiya cipsera, ndipo pa cipsera tsitsi silimeranso.

Caciwiri ndi kuthothoka kumene kumadza munthu atadwala kwambiri malungo kapena nthenda yina yotentha thupi. Tsitsi limagwa mutu wonse patapita miyezi iwiri kapena itatu munthu atacira. Kumeneku kumatha kokha, ndipo tsitsi limabwerera. Cimodzimodzi kwa amai atangobereka.

Cacitatu ndi kucepa kwa magazi. Kwanu kumadimba a mpunga ndi m'mbali mwa nyanja kuli likodzo ndi njoka za m'mimba, ndipo zonsezi zimatha magazi. Munthu wotere tsitsi lace limapyapyala, m'maso ndi m'zikhato mumayera, ndipo amatopa msanga. Mwana amene tsitsi lace lafiira nilizuka mosabvuta, miyendo itatupa, ndiye kuti cakudya comanga thupi cili kumcepera. Kondowole yekha sakwanira. Mpatseni usipa, nyemba, mtedza ndi mazira, ndipo mtengereni kusikelo msanga.

Cacinai ndi zigamba zozungulira zosalala ngati ndarama yacitsulo, zodza mwadzidzidzi pamutu kapena pa ndebvu. Anthu amati mfiti yammeta usiku. Iai, ndi thupi lomwe limene lasokonezeka niliyamba kulimbana ndi mizu yace, ndipo kwa ambiri tsitsi limameranso.

Cacisanu, cindoko cimathothola tsitsi apa ndi apo ngati nsaru yodyedwa ndi njenjete, ndipo khate limathothola nsidze. Zonse ziwiri zimacizika ndi mankhwala a kucipatala ngati munthu wafika msanga.

Cotero mnyamata amene tsitsi layamba kumthera ayambe waonana ndi adotolo, kaya pa cipatala cacing'ono ca kwao, kaya pa cipatala ca Boma ku Nkhotakota, kaya ku St Anne's. Pakafunika, adotolo amatumiza munthu kwa odziwa za khungu ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Safunsa anadya phula.

ZA MANKHWALA

Kufuna mankhwala a dazi sikunayambe lero. Ku Egypt kunapezeka kalata yakale ya asing'anga, yolembedwa zaka zoposa 3,500 zapitazo, imene inalangiza adazi kudzola mafuta a mkango, a mvuu, a ng'ona, a mphaka ndi a njoka. Anadzola, koma dazi silinathe. Ndanena izi dala, cifukwa mu Bua muli ng'ona, ndipo sindifuna kumva kuti mnyamata wina wataya mwendo kapena wamangidwa cifukwa cosaka nyama m'nkhalango ya Boma pofuna mafuta. Mafuta a nsatsi amene anadzola makolo athu amafewetsa khungu ndi tsitsi limene liripo, koma sadzutsa muzu wofota.

Coopsa koposa ndi kutema mphini pamutu. Lumo limodzi likatema anthu angapo lingathe kupatsira kacirombo ka HIV ndi nthenda ya ciwindi yochedwa hepatitis B. Ena amapaka madzi a batire, mafuta a galimoto kapena mankhwala ophera tizirombo m'munda. Zimenezi zimaocha khungu ndi kupha mizu yomwe inatsala.

Alipo mankhwala awiri amene anayesedwa bwino ndi adotolo. Oyamba ndi minoxidil, opaka pamutu tsiku liri lonse. Poyamba anali mapiritsi a nthenda yothamanga magazi, ndipo adotolo anaona kuti odwala ali kumera ubweya. Boma la America linawalola kukhala mankhwala a dazi m'caka ca 1988. Aciwiri ndi finasteride, piritsi limodzi pa tsiku, limene limacepetsa DHT m'thupi. Amenewa analoledwa m'caka ca 1997. Onse awiri amathandiza koposa dazi likali kuyamba. Kwa ambiri amaimitsa kapena kucedwetsa kuthothoka, ndipo kwa ena tsitsi lina limabwerera, koma pamene payera kale kwa zaka sipameranso.

Musanaturutse ndarama, mverani mbali yinayo. Pamapita miyezi 3 kufikira 6 munthu asanaone kusintha. Tsiku limene muleka, dazi limayambanso, ndipo m'caka cimodzi tsitsi lonse limene munapulumutsa limapita. Ndiye kuti si kugula kamodzi ai, koma mwezi ndi mwezi kwa zaka zonse. Ndiponso finasteride amacepetsa mphamvu za m'banja kwa amuna ena owerengeka, ndipo mai woyembekezera sayenera kumwa kapena kugwira piritsi losweka, pakuti lingaononge mwana wamwamuna ali m'mimba. Mankhwala otere agulidwe ndi cilolezo ca adotolo, m'sitolo ya mankhwala yolembedwa ndi Boma, osati pa mphasa ya pamsika kapena kwa munthu wa pa foni amene simumdziwa.

Iriponso njira yozula mizu ya kunkhongo ndi kuibzala paliombo, monga muokera mpunga kucokera ku nazale. Dotolo Norman Orentreich wa ku New York analemba za njirayi m'caka ca 1959, ndipo masiku ano anthu ambiri amapita ku Turkey kukacititsa. Imagwira nchito, koma mtengo wace pamodzi ndi ulendo ungathe kumanga nyumba ya malata. Mlimi awerenge yekha ngati mpofunika.

DAZI SI GOLIDI

Tsopano ndifike pa nkhani yowawa, ndipo ndipemphe mafumu kuti mumvetsetse. Kwathu kuno timanena moseka kuti dazi ndi cuma. Mau amenewa akafika m'makutu a munthu wadyera amasanduka imfa. M'miyezi ya May ndi June 2017, m'cigawo ca Zambezia ku Mozambique, anaphedwa amuna asanu adazi, awiri m'boma la Milange ndi atatu m'boma la Morrumbala. Apolisi a kumeneko anacenjeza poyera kuti amuna adazi ali pangozi, nanena kuti akuphawo anakhulupirira kuti m'mutu wa wadazi muli golidi. Milange si kutali, ali kutsidya kwa cipata ca Muloza ku Mulanje, ndipo anthu a mbali ziwirizi amakwatirana ndi kugulitsana malonda.

Bodza limeneli ndi mphwace wa bodza lija la mafupa a anzathu acialubino, limene linaphetsa anthu m'dziko lathu lino kufikira Nyumba ya Malamulo inakhwimitsa zilango m'caka ca 2016. M'mutu wa wadazi muli pfupa ndi ubongo monga m'mutu wa wina ali yense. Adotolo amang'amba mitu ya anthu obvulala m'zipatala zazikulu, adazi ndi atsitsi omwe, ndipo palibe anapezamo golidi. Wadazi akadakhala ndi golidi, bwenzi ali kugulitsa mpunga wace kuti agule mafuta a m'botolo?

Kumbukiraninso kuti lamulo la za ufiti la caka ca 1911 limaletsa kunenera munthu kuti ndi mfiti. Wonena kuti mnyamata wacita dazi cifukwa cokhwima angathe kuimbidwa mlandu.

KWA MNYAMATA WA KU BUA

Tsono ndilankhule ndi iwe, mwana wanga, ndi anzako onse amene ali ndi bvuto lomweli koma sanalembe kalata. Cisoni cako ndi comveka. Munthu wa zaka 23 sayembekeza kuona mutu wa atsibweni ace pa kalilole. Palibe cocititsa manyazi pakudandaula. Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo iwe wayamba kale kudzitsekera.

Pita kucipatala akakuone. Akakuuza kuti ndi dazi la mtundu, dziwa kuti thupi lako liri bwino, ndipo ukauze mtsikana uja ndi akwao mau a adotolo. Ngati nkotheka pita ndi ankhoswe kapena atsibweni ako, pakuti akulu amamvana okhaokha. Banja limamangidwa ndi khalidwe, khasu ndi nkhokwe. Cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo alipo anyamata a tsitsi lokongola amene nkhokwe zao ziri mbee.

Usabise dazi pokokera tsitsi la m'mbali pamwamba, cifukwa pamenepo ndi pamene anthu amayang'anitsitsa. Meta lalifupi kapena mpala. Taona osewera mpira, asilikari ndi aphunzitsi ambiri amene amameta mpala mwa kufuna kwao, ndipo palibe adziwa wadazi ndi uti. Khala ndi lumo lako lako, ndipo kwa ometa uone kuti makina atsukidwa ndi mankhwala asanafike pa mutu wako. Ukaona tizilonda tolimba kunkhongo, leka kumeta mogwira khungu, ukaonetse kucipatala tisanakule.

Cipewa ubvale pa nchito yace. Khungu la padazi limapsa ndi dzuwa ngakhale kwa munthu wakuda, makamaka m'miyezi ya October ndi November, ndiponso pa madzi pamene dzuwa limaomba kucokera kumwamba ndi pansi pomwe. Cipewa ca mlaza ca mlomo waukulu ndico cabwino kumunda ndi pa bwato. Koma ukafika pa anzako bvula. Adzaseka tsiku loyamba ndi laciwiri. Ukaseka nao, kapena kuwayankha mofatsa kuti ndatengera kwa agogo, nthabwala imatha mphamvu. Bwerera ku mpira, bwerera ku msonkhano wa alimi. Ndipo ngati cisoni cikula kufikira kusowa tulo, kukana cakudya, kapena kuganiza zodzicotsera moyo, usasunge mumtima. Uza mbale wako, mkulu wa mpingo kapena wa mzikiti, ndipo pita kucipatala, pakuti nthenda ya maganizo nayo iri ndi cithandizo.

KWA MAFUMU NDI ANYAKWAWA

Inu eni mudzi, mutu umodzi susenza denga. Boma likupemphani zinthu izi:

1. Pa msonkhano wa mudzi nenani poyera kuti dazi ndi cibadwa, si ufiti, si nthenda yopatsirana, ndipo m'mutu wa wadazi mulibe golidi.

2. Mukamva munthu, wa m'mudzi kapena mlendo, ali kufunsafunsa za adazi kapena za acialubino, kapena sing'anga wolonjeza cuma ca ziwalo za anthu, musazengereze, kauzeni apolisi tsiku lomwelo.

3. Wogulitsa mankhwala omeretsa tsitsi akafika m'mudzi mwanu, mfunseni cikalata ca Boma comlola kugulitsa mankhwala. Ngati alibe, cenjezani anthu anu asataye mpunga wao.

4. Ana a zipere atumizidwe kucipatala, ndipo ometa a m'mudzi ndi a pa maliro asamete anthu awiri ndi lumo limodzi.

5. Nkhani ya ukwati ikafika pa bwalo lanu cifukwa ca dazi, funsani za khalidwe ndi nchito za mnyamatayo. Dzudzulani akulu amene amaseka anyamata otere, pakuti ana amaphunzira cipongwe kwa akulu.

Ambiri a inu mafumu muli ndi dazi pansi pa nduwira zanu, ndipo anthu amakuombera m'manja. Muitaneni mnyamata wotere, mukhale naye pakhonde, mumuuze caka cimene lanu linayamba. Mau anu adzamlimbitsa koposa anga a pa wailesi.

Sabata ya mawa tidzakambirana za likodzo ndi m'mene alimi a mpunga angadzichinjirizire polowa m'madzi. Amene muli ndi mafunso lembani makalata, ndipo wosadziwa kulemba apemphe mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lace amlembere.